Tisaphe Mkeka Poutsuka

 Nkhani imene ndakutengerani ulendo uno ndi ya chinthu chimene chili m'nyumba ya Msilamu aliyense, wolemera ndi wosauka yemwe, koma sitichikamba kawirikawiri: mkeka. Timaphunzira kukwawa pamkeka, timaphunzira alifu ndi be pamkeka, timadyera pamenepo, timalandirira alendo pamenepo, ndipo kasanu pa tsiku timagunditsa chipumi chathu pamenepo pamaso pa Allah. Komabe mikeka yambiri m'makomo mwathu siifa ndi ukalamba ayi. Imafa ndi manja a eni ake omwe, ndipo nthawi zambiri imafa tsiku limene mwini wake waganiza zoti aitsuke bwino.

Ine ndine mwalimu wa pa madrasa ina kuno ku Mchinji, kufupi ndi chipata cha m'malire a dziko lathu ndi Zambia, koma mchombo wanga uli ku Chipoka m'boma la Salima. Chaka chino ndi chachisanu ndi chinayi chibwerereni kuno nditamaliza maphunziro ku koleji ya Chisilamu. M'zaka zimenezi ndakhala ndikuyang'anira mikeka ndi mphasa zimene ana amakhalira pophunzira, komanso ndakhala ndikuyankha mafunso a makolo okhudza twahara. Chimene ndaona n'chakuti nkhani ya kasamalidwe ka mkeka ndi nkhani ya najisi zimayendera limodzi. Munthu amene sadziwa zimene Shariya ikufuna pa kuyeretsa malo oswalira amakhala ndi mantha, ndipo mantha amenewo amamutuma kunyika mkeka wonse m'madzi. Koma amene akudziwa amatsuka pamene paipa pokha, swala yake n'kukhala yovomerezeka, mkeka wake n'kukhalabe ndi moyo.

Tisanakambe za madzi ndi sopo, tiyeni tikumbutsane kumene mkeka umachokera, pakuti chinthu chimene sudziwa kuvuta kwake suchisamala. Mkeka wa kunyanja umalukidwa ndi mlaza, masamba anthete a mgwalangwa amene amadulidwa asanatambasuke. Woluka amaanika masambawo, kuwang'amba timizere ting'onoting'ono, ena n'kuwaphika mu utoto wofiira kapena wobiriwira, kenaka n'kuyamba kuluka lamba wautali amene amamukulunga ngati nkhata akamatalika. Lambayo akakwana amasokedwa mbali ndi mbali mpaka mkeka utatuluka. Ntchito imeneyi siitha tsiku limodzi kapena awiri. Imatenga masabata, madzulo ndi madzulo pakhonde ntchito zina zikatha. Mphasa nayo ili ndi thukuta lake. Munthu amalowa m'dambo kapena m'mphepete mwa nyanja kukadula bango, kuling'amba, kuliwongola, kuliumitsa, ndiye n'kulitunga limodzilimodzi ndi singano yaitali ndi chingwe cha khonje.

M'makomo ena mulinso timakapeti timene amayi amapanga pokolowetsa ulusi kapena tizidutswa ta nsalu m'saka, ndiponso makapeti olukidwa pamanja ngati aja amene fakitale ya anthu a ulumali ya ku Bangwe mumzinda wa Blantyre yakhala ikudziwika nawo kwa zaka zambiri. Owerengeka ali ndi kapeti wa ubweya wa nkhosa wa ku Turkey, Iran kapena Pakistan, amene wachibale anabwera naye pochokera ku Haji. Zonsezi, mlaza, bango, khonje, thonje ndi ubweya, n'zochokera ku zomera ndi nyama. Zimamwa madzi, zimatupa, zimauma, zimaola, ndipo zimadyedwa ndi tizilombo. Pulasitiki sachita zimenezi. N'chifukwa chake njira imene imayeretsa mkeka wa pulasitiki, ya kukhuthulira madzi ndi kukwecha ndi burashi yolimba, ndi yomweyo imene imapha mkeka wa manja.

Mswala umene ndimaswalira kunyumba kwanga anandilukira mayi anga pamene ndinkanyamuka kubwera kuno. Uli ndi mizere itatu yofiira ndi iwiri yobiriwira, ndipo kumutu kwake n'kozungulira. Lero zala zawo zinauma ndi nyamakazi, maso nawo saonanso bowo la singano, motero mswala umenewu ndi womaliza kutuluka m'manja mwawo. Ukatha, palibe ndalama imene ingandigulire wina wonga uwu. Pondipatsa sanalankhule zambiri. Anangoti, “Mwanawe, mkeka umaopa zinthu zitatu: kuupinda, kuugoneka pansi usiku, ndi kuusambitsa ngati khanda.” Mayi anga sanalowepo m'kalasi la fikihi, koma mawu awo sanasemphane ndi zimene ndinawerenga m'mabuku kukoleji. Ndawatsata zaka zonsezi, ndipo mswalawo mpaka lero ulibe bowo.

Adani a mkeka amasiyana malinga ndi dera. Kwathu kunyanja n'kotsika, mamita osafika 500 kuchokera pa msinkhu wa nyanja ya mchere, ndipo mdani wamkulu ndi chinyontho chophatikizana ndi kutentha. Mkeka ukanyowa n'kusungidwa usanaume, pakangopita masiku awiri kapena atatu umachita chuku, umanunkha, ndipo ana odwala mphumu amayamba kutsokomola usiku. Kuno ku Mchinji tili pamtunda, pafupifupi mamita 1,200, ndipo adani athu ndi fumbi la katondo ndi chiswe. Kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula itagwa mu Novembala, mphepo imanyamula fumbi m'minda yokolola kale ndi m'mbali mwa msewu wochokera ku Lilongwe. Ife amene tayandikana ndi chipata cha Mchinji ndi Mwami, chimene chinamangidwa mwatsopano n'kutsegulidwa mu Disembala 2022, timalandiranso fumbi la malole amene amaima kudikira mapepala. Ena mwa oyendetsa malolewo ndi Asilamu anzathu a maiko ena ndipo amabwera kudzaswali nafe. Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Mawa mupeza wapita, koma chimene anagwadapo sachiiwala.

Fumbi si nkhani ya maonekedwe chabe. Timchenga timene timalowa pakati pa mlaza tili ndi nsonga zakuthwa, ndipo munthu akaponda kapena kugwada, timchengato timadya mlaza ndi chingwe pang'onopang'ono ngati tupa. Inu a kunyanja mchenga mumaudziwa bwino, umalowa m'nyumba ndi phazi lililonse. Choncho ntchito yaikulu yosamala mkeka siifuna madzi konse. Tulutsani mkekawo panja, ukuntheni, upachikeni pachingwe n'kumaumenya kumbuyo kwake ndi kandodo kopepuka. Kenaka sesani ndi tsache lofewa motsata mmene lamba anasokedwera, osati modutsa, kuopa kuzula nsonga za mlaza. Musaiwale kusesa pansi pamene mkeka unali, chifukwa fumbi lambiri limakhala kunsi. Ku madrasa kwathu timachita zimenezi Lachinayi lililonse ana asanaweruke, kuti Ijumaa ipeze malo ali oyera. Timatembenuzanso mikeka, mbali imene inali kukhomo n'kupita kukhoma, kuti kupondedwa kusagwere malo amodzi.

Mkeka ukada ndi thukuta ndi kukhalitsa, madzi amafunika ndithu, koma ochepa. Pano tili ndi chitsanzo chabwino m'mabuku a hadisi a Bukhari ndi Muslim. Anas ibn Malik (RA) anasimba za tsiku limene agogo ake aakazi, a Mulaika, anaitanira Mtumiki Muhammad (SAW) chakudya. Atatha kudya, Mtumiki anafuna kuwatsogolera swala m'nyumbamo. Anas anatenga mkeka wawo umene unali utada chifukwa cha kugwiritsidwa ntchito nthawi yaitali, anauwaza madzi, ndipo Mtumiki anaswalira pomwepo. Maulama ena anafotokoza kuti kuwazako kunali koufewetsa ndi kuchotsa fumbi, ena anati kunali kochotsa chikaiko. Kaya titenge mawu a ati, tikuona kuti mkekawo sunanyikidwe, ndipo kuda kwake sikunaletse Mtumiki kuswalirapo. Oluka a kwathu amadziwanso kuti mlaza wouma kwambiri umathyoka, n'chifukwa chake amaunyowetsa pang'ono asanaluke. Choncho tengani kansanza koyera, kanyikeni m'madzi ozizira amene mwasungunuliramo sopo wamtanda pang'ono, kafinyeni kwambiri, n'kumapukuta motsata lamba. Bwerezani ndi madzi opanda sopo, tembenuzani, ndipo uyanikeni pamalo opita mphepo mpaka uume mbali zonse ziwiri. Ntchitoyi ichitike m'mawa wa tsiku lopanda mitambo.

Chaka chatha, ana ataweruka, kunabwera mayi wina amene mwana wake ali m'kalasi mwanga. Anakhala pansi kanthawi osayankhula, kenaka anati, “Mwalimu, ndawalakwira apongozi anga.” Apongoziwo anali atabwera kudzacheza kuchokera ku Nkhotakota atanyamula mswala wawo, umene anawalukira mkulu wawo amene anamwalira kale. Kamwana kakakazi ka mayiyu kanakodzera kumapeto kwa mswalawo. Pofuna kusonyeza ulemu, iwo anaunyika wonse m'beseni la sopo waufa usiku wonse, m'mawa n'kuukwecha ndi burashi. Munali mu Febuluwale, ndipo dzuwa silinatuluke masiku atatu. Utoto wofiira unayenderera poyera ponse, msoko unamasuka, chuku n'kumera. Apongoziwo sanakalipe, koma anafupikitsa ulendo wawo, ndipo m'nyumbamo munatsala kuzizira pakati pa mayiyu ndi amuna awo. Ndinawafunsa kuti, “Mayi, pamene panaipapo panali pakulu bwanji?” Iwo anangotambasula chikhatho chimodzi. Malo a chikhatho chimodzi anaphetsa ntchito ya masabata ndi chikumbutso cha malemu, osati chifukwa cha ulesi kapena mwano, koma chifukwa palibe amene anawauzapo zimene Shariya ikufuna pa nkhani yotere.

Ambiri a ife a kunyanja timatsata madhihabu a Imam Shafi'i, amene anamwalira ku Egypt m'chaka cha 820. M'madhihabu amenewa najisi ili m'magulu atatu. Yopepuka ndi mkodzo wa mwana wamwamuna wosafika zaka ziwiri amene chakudya chake ndi mkaka wokha. Pamenepo n'kokwanira kuwaza madzi mpaka akute malo onsewo. Umboni wake ndi nkhani ya Umm Qais (RA) amene mwana wake anakodzera chovala cha Mtumiki (SAW), ndipo iye anangowazapo madzi. Yapakati ndi najisi zambiri zimene timakumana nazo panyumba: mkodzo wa mwana wamkazi ndi wa wamkulu, chimbudzi, magazi, masanzi, zitosi za nkhuku. Pamenepo timachotsa kaye chinthucho, kenaka n'kuthirapo madzi oyera mpaka mtundu ndi fungo zitachoka. Ngati mwayesetsa koma patsala mtundu wokha kapena fungo lokha lovuta kuchoka, malowo ayera basi. Yolemera ndi ya galu ndi nkhumba, imene imatsukidwa kasanu ndi kawiri, kamodzi mwa iko ndi madzi osakaniza ndi dothi loyera. M'magulu onse atatuwa, chimene chimatsukidwa ndi malo amene akhudzidwa, osati mkeka wonse.

Palinso lamulo lina limene amayi ndi abambo ambiri amadabwa akalimva. M'madhihabu athu, madzi ochepa, osafika muyeso umene mabuku amautcha kullataini, umene ndi pafupifupi malita 200 ngati diramu lodzaza, amasanduka najisi najisi ikagweramo. N'chifukwa chake madzi ndi amene ayenera kupita pa najisi, osati najisi kupita m'madzi. Munthu akatenga mswala wokodzeredwa n'kuunyika m'beseni, madzi a m'besenimo aipa, ndipo najisi imene inali pa malo a chikhatho yafalikira mswala wonse. Wawononga mkeka, komanso sanapeze twahara imene amaifuna. Abale athu amene amatsata madhihabu ena angasiyane nafe pang'ono pa zina mwa zimenezi, ndipo n'chanzeru kufunsa shehe wa pamzikiti wanu, koma palibe amene amalamula kuti mkeka ugone m'madzi.

Kachitidwe kake n'kosavuta. Ngozi ikachitika musachedwe. Ikani kansanza kouma pamwamba ndi kena kunsi, n'kusindikiza kuti kamwe madziwo. Musakhute, chifukwa kukhuta kumalowetsa zoipa m'kati. Ngati pali cholimba, chichotseni ndi kamtengo kapena tsamba. Tulutsani mkekawo panja, ikani malo oipawo pamphepete pa thandala kapena pakati pa miyala iwiri kuti madzi adutse n'kugwera pansi, ndipo thirani ndi birika kapena kapu. Ngati fungo likumvekabe, pakanipo sopo pang'ono ndi chala n'kuthiranso madzi oyera. Pa magazi gwiritsani ntchito madzi ozizira, pakuti otentha amaumitsa magazi n'kuwamatiriza. Pomaliza sindikizani ndi nsalu youma n'kuyanika. Madzi a birika limodzi amakwana, ndipo tikumbuke kuti chipembedzo chathu chimaletsa kuwononga madzi ngakhale pa udhu.

Pali ena amene vuto lawo ndi chikaiko. Amatsuka mswala sabata iliyonse chifukwa choganiza kuti mwina mwana anapondapo ndi phazi loipa, mwina mphaka anadutsapo. Lamulo la fikihi ndi lakuti chinthu chimakhala choyera mpaka mutatsimikiza kuti chaipa, ndipo chikaiko sichichotsa chimene mukuchidziwa motsimikiza. Fumbi si najisi, thukuta si najisi, tiyi ndi mafuta ophikira si najisi. Chouma chikakhudza chouma najisi siisamuka, moti galu wa anansi akagona pamphasa youma pakhonde iye ali wouma, mphasayo sinaipe. Pamene munthu wina wa kuchipululu anakodza mu mzikiti wa ku Madina, Mtumiki (SAW) analetsa maswahaba kumukalipira ndipo analamula kuti pamalopo pathiridwe ndowa imodzi ya madzi. Ngati mzikiti wa Mtumiki unayera ndi ndowa imodzi, bwanji ife tikuzunza amayi ndi ana athu chifukwa cha dontho?

Koma pali nthawi imodzi imene mkeka suyenera kumveredwa chisoni. Tonse tikukumbukira mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023, umene unatenga miyoyo ya anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo maboma a kunyanja anakhudzidwa kwambiri. Madzi amene amachotsa najisi sapha tizilombo ta kolera. Ngati wodwala matenda otsegula m'mimba wasanzira kapena kudziipitsira pamkeka, tsatani zimene alangizi a zaumoyo anena, kaya ndi kuthira klorini kaya ndi kuwotcha, ngakhale mkekawo ukhale wa mtengo wotani. Chimodzimodzinso mkeka umene wamizidwa ndi madzi osefukira osakanikirana ndi za m'zimbudzi, monga zinachitikira abale athu a ku Dwangwa mu Febuluwale 2024. Mkeka ndi wa munthu, ndipo moyo wa munthu ndiwo uli patsogolo.

Amene muli ndi kapeti wa ubweya, dziwani kaye ngati ndi waubweyadi. Miswala yambiri yofewa imene timagula m'masitolo ndi ya makina ndipo ulusi wake ndi wa pulasitiki. Zulani kaulusi kamodzi kumapeto n'kukayatsa: ubweya umanunkha ngati tsitsi lopsa n'kusiya phulusa lofumbutuka, pamene pulasitiki amasungunuka n'kusanduka kamkanda kolimba. Kapeti womangidwa pamanja mukamutembenuza mumaona mfundo zosafanana ndendende, ndipo mphonje zake ndi ulusi womwewo umene wagwira kapeti yense, osati zosokerera. Mphonjezo musazidule kapena kuzikoka. Ubweya umadana ndi madzi otentha amene amaufinyimpitsa, sopo waufa waukali amene amauumitsa, ndiponso mankhwala oyeretsera zovala a klorini amene amaudya mpaka kusungunuka. Musanatsuke, sindikizani kansalu koyera konyowa pa mtundu uliwonse. Kakatenga utoto, musathire madzi ambiri. Tiyi akatayikira, mumwetseni ndi nsalu nthawi yomweyo. Phula la kandulo likadontha, lisiyeni liume, lipaleni ndi supuni, ikanipo pepala la khaki n'kudutsitsa nsimbi yofunda pang'ono. Fungo la mkodzo limachepa ndi viniga woyera wosakaniza ndi madzi, koma pomaliza thirani madzi oyera, chifukwa twahara imabwera ndi madzi, osati viniga. Timakapeti ta nsanza ndi ta thonje tokha ndi timene tingachapidwe tonse, komabe m'madzi ozizira ndiponso osapotokola.

Dzuwa ndi bwenzi komanso mdani. Limaumitsa, limathamangitsa chuku ndi tizilombo, koma limadya utoto ndi kuphwetsa mlaza. Ola limodzi kapena awiri a m'mawa, mkeka utavundikiridwa nkhope pansi, n'zokwanira. Kuusiya pa dzuwa la Okutobala tsiku lonse n'kuukalambitsa. Ku London, m'nyumba yosungira zinthu zakale ya Victoria and Albert, muli kapeti wotchuka wa Ardabil amene anamalizidwa ku Iran cha m'ma 1539 ndi 1540, wotalika mamita oposa 10. Osamala kapetiyu amamuyatsira magetsi mphindi 10 zokha pa theka la ola lililonse kuti mitundu yake isafwifwe. Ngati kuwala kwa nyale kukuopedwa chotero, nanga dzuwa la ku Salima?

Kasungidwe nako n'kofunika. Mkeka umakulungidwa, supindidwa, chifukwa pamene papindidwa ndi pamene pamayambira kuthyoka. Usagone pansi usiku, kaya ndi pozira kaya ndi pa simenti. Pozira chiswe chimatulukira kunsi mwakachetechete, ndipo mkeka umaoneka bwino pamwamba pamene pansi patha, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Simenti nayo nthawi ya dzinja imatulutsa chinyontho. Mangani zingwe ziwiri kudenga kapena ikani mtengo wopingasa, mkeka ukhale m'mwamba osatsamira khoma. Musausunge m'thumba la pulasitiki, mpweya uyenera kudutsa. Kapeti wa ubweya amene amangotulutsidwa pa Idi ndi amene njenjete imamukonda, pakuti mphutsi zake zimadya mumdima mopanda chosokoneza. Mutambasuleni ndi kumukuntha kamodzi pa mwezi. Ndiponso siyanitsani ntchito za mikeka. Wowanikira ufa, mtedza kapena usipa ukhale wake, wokhalira ukhale wake, woswalira ukhale wake. Fungo la chakudya limaitana makoswe ndi mphemvu, ndipo khoswe sasankha kuti uwu ndi mswala.

Msoko ukayamba kumasuka, sokani tsiku lomwelo. Chingwe chimodzi cha mphasa chikaduka, mabango amayamba kusolokera limodzilimodzi mpaka mphasa yonse itagawanika. M'mphepete mwa mkeka mukayamba kunyotsoka, sokereranimo kansalu kolimba mozungulira. Ku madrasa kwathu mikeka iwiri yakale imatulutsa umodzi wabwino: timasula malamba amene adakali olimba n'kuwalumikiza. Ngakhale kapeti wa Ardabil uja anali ndi mnzake wofanana naye, ndipo zidutswa za mnzakeyo ndi zimene anakonzera amene ali ku London. Kusoka chigamba si umphawi, ndi kulemekeza thukuta la woluka.

Sindikunyoza mikeka ya pulasitiki imene yadzaza m'misika ya kuno ku Mchinji, ku Chipata ndi kwathu kunyanja komwe. Ili ndi ntchito yake. Pa maliro, pa ukwati ndi pamene pali makanda imathandiza chifukwa imatsukika msanga. Koma imatentha mu Okutobala, imasweka ndi dzuwa, ikang'ambika siisokeka, ndipo ikatayidwa siiola. Choopsa kwambiri n'chakuti imatiphunzitsa mtima wa kutaya ndi kugula china. Tikatengera mtima umenewu ku mkeka wa mlaza, tidzaona kuti sukhalitsa, tidzasiya kuugula, ndipo mayi wamasiye wa ku Chipoka kapena ku Makanjira amene amapeza sopo ndi mchere poluka adzasowa womugula. Migwalangwa nayo ikuchepa m'madera ena chifukwa cha kutsegula minda, moto wa tchire ndi kugoma uchema. Mkeka umodzi ukakhala zaka khumi m'malo mwa ziwiri, mtengo wapuma ndipo thumba la bambo lapuma.

Ntchito imeneyi tisawasiyire amayi okha. Mayi Aisha (RA) anasimba kuti Mtumiki (SAW) ankathandiza ntchito za m'nyumba ndipo ankasoka yekha chovala chake. Bambo amene amaswalira pamswala akhoza kuukuntha ndi kuupachika yekha. Ana nawo tiwaphunzitse adakali aang'ono, poti m'mera mpoyamba: kuvula nsapato pakhomo, kupukuta mapazi akatha udhu asanaponde mkeka, kukulunga mswala akatha swala, ndiponso kunena msanga ngozi ikachitika. Mwana amene amamenyedwa akakodzera mkeka amaphunzira kubisa, ndipo najisi yobisidwa ndi imene imaononga swala ndi mkeka womwe. Koma amene waona mayi ake akutenga birika modekha, n'kutsuka malo a chikhatho, n'kuyanika, waphunzira khomo lonse la twahara asanatsegule buku.

Choncho abale anga, Ramadhani isanafike, pamene mikeka imagwira ntchito yaikulu ya futari ndi taraweh, tulutsani yonse panja. Ikuntheni, ipukuteni, sokani pamene pamasuka, ndipo konzani malo oipachika. Apongozi ndi azitengwa, amayi ndi ana aakazi, khalani pansi muuzane malamulo a najisi tsoka lisanagwe, poti chakudza sichiyimba ng'oma. Allah ayeretse mitima yathu ndi makomo athu, adalitse manja a onse oluka, amoyo ndi amene anatsogola, ndipo alandire sijida zathu.